Fungo la Kumizinda ya Akasupe Otentha: Mwafunsa, Tayankha

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mtundu umodzi wa perefyumu, uja wopepuka wa kafungo ka mandimu ndi sopo, amene ogulitsa amati amakumbutsa ulemerero wa mizinda yakale ya ku Ulaya kumene anthu ankapita kukasamba ndi kukamwa madzi a m'akasupe otentha. Akuyankha ndi anzathu odziwa kusakaniza mafuta onunkhira, mothandizana ndi wa zamankhwala. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Achimwene anga a ku Lisboa anditumizira perefyumu. Pa katoni alemba m'Chipwitikizi kuti ndi fungo la "termas" zakale. Nditanunkhiza ndangomva mandimu, sopo ndi kamtengo chapatali. Kodi mizinda imeneyi ndi yotani, nanga mzinda ungalowe bwanji m'botolo? (Mphunzitsi, Ulóngwe)

YANKHO: Aphunzitsi, mphuno yanu sinakunamizeni. Zitatu mwatchulazo ndiye perefyumuyo.

Mizinda imeneyi, imene katoni yanu ikuitcha "termas", inamangidwa mozungulira akasupe a madzi otentha kapena a mchere, amene madokotala a nthawi imeneyo ankati amachiza nyamakazi, m'mimba ndi nthenda za khungu. Inatchuka kwambiri kuyambira cha m'ma 1700 mpaka cha m'ma 1930. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika mizinda 11 yotere, ya m'mayiko 7, pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse. Ina mwa iyo ndi Bath ku England, Vichy ku France, Baden-Baden ku Germany, Spa ku Belgium, Montecatini Terme ku Italy ndi Karlovy Vary ku Czechia. Portugal sali pa mndandandawo, komatu nayenso ali nayo yake, ndipo mwina ndi imene katoni yanu ikunena: Caldas da Rainha, kumene mfumukazi Leonor inakhazikitsa chipatala cha madzi otentha mu 1485, komanso Luso, Curia, Pedras Salgadas ndi Vidago, kumene hotela yaikulu inatsegulidwa mu 1910.

Munthu ankapitako kwa milungu ingapo. Mmamawa ankadzuka kukamwa madzi pa kasupe. Ku Karlovy Vary mpaka lero amamwera m'timakapu tadothi tokhala ndi kamlomo ngati ka ketulo, uku akuyenda pang'onopang'ono m'makonde aatali a nsanamira zamiyala. Kenako kusamba, kukulungidwa m'nsalu zoyera, kupumula, madzulo n'kumakawongola miyendo m'minda ya maluwa gulu la zitoliro likuimba. Odwala enieni analipo, koma ambiri anali olemera opita kukaonedwa, kukatchova juga ndi kukafunira ana awo mabanja.

Wopanga perefyumu akafuna kukumbutsa moyo umenewo amatenga zimene munthu ankanunkhira akangotuluka mosambira. Choyamba ndi madzi onunkhira otchedwa eau de Cologne, amene Johann Maria Farina anayamba kugulitsa mumzinda wa Cologne mu 1709. Amapangidwa ndi mafuta a makoko a bergamot, chipatso cha m'banja la malalanje cholimidwa makamaka ku Calabria kummwera kwa Italy, a mandimu, a maluwa a lalanje lowawa otchedwa neroli, a masamba ndi timphukira ta mtengo womwewo otchedwa petitgrain, kuphatikiza lavenda ndi rozimere. Pansi pake amaikapo fungo la sopo ndi la nsalu yosita kumene, lochokera ku ma musk oyera opangidwa m'fakitale. Amaikanso kafungo ka paudala kochokera ku mizu ya duwa la iris, imene amaiumitsa zaka zitatu kapena kuposa isanayambe kununkhira, n'chifukwa chake ndi yodula koopsa ndipo ambiri m'malo mwake amagwiritsa ntchito ionone, mankhwala a fungo lofanana nalo, wopangidwa ndi akatswiri a sayansi kuyambira 1893. Pomaliza pali mitengo: mkungudza, paini, ndi ndere za pa mitengo ya oak, kuyimira nkhalango zozungulira mizindayo.

Akale a mtundu umenewu amene akugulitsidwabe ndi 4711, Eau de Cologne Impériale amene Guerlain anapangira mfumukazi Eugénie ya ku France mu 1853, ndi Colonia wa Acqua di Parma wa mu 1916. Mukapeza mwayi wonunkhiza mmodzi wa amenewa, mudzazindikira kumene wanuyo anatengera.

Mawu a pa katoni musawakhulupirire kwambiri. Palibe lamulo lonena kuti perefyumu wotchula akasupe azikhala ndi chakutichakuti, ndipo madzi a kasupe weniweni nthawi zambiri mulibemo ngakhale dontho.

FUNSO: Ndinapita kukaona abale ku Nkhotakota ndipo ananditengera ku madzi otentha otuluka pansi. Madzi otere ndimawadziwa kuti ena amanunkha mazira owola. Ndiye azungu amalipira ndalama kuti azinunkha choncho? (Dalaivala wa thiraki, Moatize)

YANKHO: Ayi bambo, sanafike pamenepo. Fungo la mazira owola limachokera ku mpweya wa sulufule wotchedwa hydrogen sulphide, umene umatuluka ndi madzi m'akasupe ambiri otentha, kuno kwathu ngakhale ku Ulaya. Madziwo ndi amvula amene analowa pansi kwambiri, n'kutenthedwa ndi miyala ya m'kati mwa dziko, n'kubwerera kumtunda kudzera m'ming'alu atasungunula mchere wosiyanasiyana. Ku Bath amatuluka ali pa madigiri 46, pamene kasupe wamkulu wa ku Karlovy Vary amapitirira madigiri 70. Kununkha kwake kumasiyana malinga ndi miyala imene adutsamo. Ena amamveka sulufule, ena dzimbiri, ena samveka kanthu.

Opanga perefyumu amathawa sulufule wotere. Akafuna kuti mumve ngati muli pafupi ndi madzi, amagwiritsa ntchito njira zina. Kadontho ka mafuta a bulugama kapena a timbewu tonunkhira kamazizira m'mphuno, ndipo maganizo amathamangira ku nthunzi ya mosambira. Geosmin, amene amachititsa kafungo ka dothi mvula yoyamba ikagwa, amakumbutsa mwala wonyowa, koma mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepa chotani, moti amamusungunula kambirimbiri asanadonthezemo. Akapyola muyeso, perefyumu yense amanunkha chinyontho cha m'nyumba yotsekedwa.

Palinso gulu lina limene ogulitsa amalisokoneza ndi ili, la perefyumu wa fungo la kunyanja amene anatchuka m'zaka za m'ma 1990, wokhala ndi mankhwala otchedwa calone, onunkhira chapakati pa vwende ndi mphepo ya kugombe. Botolo lake limakonda kukhala lobiriwira ngati madzi. Si woipa, koma ndi wina. Ngati mukufuna wa kumizinda yakale ija, funsani wa citrus (wa zipatso za m'banja la malalanje), wa cologne kapena wa fougère (wa lavenda ndi ndere za pa mitengo).

FUNSO: Ndinagula perefyumu wotereyu pa mtengo wokwera ndithu. Ndimapopera 7 koloko mmawa, koma pofika ku ofesi, nditangowoloka mlatho wa Samora Machel, fungo latha kale. Kodi anandigulitsa wachinyengo? (Mayi wogwira ntchito ku banki, mzinda wa Tete)

YANKHO: Mwina inde, mayi, koma tiyambe ndi zinthu zitatu zimene zimachitika ngakhale botolo lili lenileni.

Choyamba, werengani mawu ang'onoang'ono a pansi pa dzina. Akalemba eau de cologne, mafuta onunkhira amakhala pakati pa 2 ndi 5 pa 100 alionse, zotsalazo ndi sipiriti ndi madzi pang'ono. Eau de toilette amakhala ndi 5 mpaka 15, eau de parfum 15 mpaka 20, parfum 20 mpaka 30. Manambalawa ndi chizolowezi cha opanga, si lamulo, koma amakupatsani chithunzi.

Chachiwiri ndi chimene ambiri sachidziwa. Si kuchuluka kwa mafuta kokha kumene kumasunga fungo, komanso mtundu wake. Mafuta a makoko a mandimu ndi malalanje ndi opepuka, amauluka msanga, pakhungu sapitirira ola limodzi. Lavenda ndi maluwa amakhalako maola awiri kapena atatu. Mitengo, mizu ndi musk ndiye zimatha kufika madzulo. Perefyumu wa mtundu mukunenawu gawo lake lalikulu ndi zopepukazo. Anapangidwira kuthira mowolowa manja munthu akangosamba, kuti atsitsimuke, kenako n'kuthiranso masana. Kumufunsa kuti agwire tsiku lonse n'kumupempha ntchito imene si yake.

Chachitatu ndi Tete weniweniyo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, khungu limatentha, thukuta limatsuka, ndipo chimene chikanatha ola chimatha mphindi 20. Botolo lomwelo mutapita nalo ku Tsangano kapena ku Ulóngwe mu Juni, mungadabwe kuti likugwira. Onjezaninso kuti mphuno imatopa ndi fungo limene ili nalo pafupi. Musanaweruze, funsani mnzanu wa mu ofesi ngati akumva kanthu.

Chochita ndi ichi. Mukasamba, pukutani bwino, pakani Vaseline wopanda fungo pang'ono zedi pachifuwa ndi m'kati mwa zigongono, kenako poperani pamenepo. Khungu louma silisunga fungo. Poperaninso kawiri pa nsalu ya m'kati kapena pa mpendero wa chitenje, botolo lili patali masentimita 20 kapena 30. Thonje limasunga fungo nthawi yaitali kuposa khungu chifukwa silitentha ngati thupi. Yesani kaye pobisika, poti perefyumu wachikasu amathimbiriritsa bulauzi yoyera ndi silika. Gulani kabotolo kopopera ka mamililita 10, muzithiramo n'kuyenda nako m'chikwama, muzionjezera masana. Musachulutse mmawa poganiza kuti agwira. Kupopera kakhumi sikutalikitsa nthawi, kumangozunza anzanu a mu chapa.

Kumene mumasunga nakonso n'kofunika. Pamwamba pa wadiropu m'nyumba ya malata, pawindo, kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa, mafuta a mandimu amawonongeka m'miyezi yochepa. Fungo loyamba limasanduka lowawasa ngati la vanishi, mtundu n'kudera. Bwezerani botolo m'katoni yake, muliike m'dirowa ya pansi m'chipinda chozizirirako. Wa cologne mukhoza kumusunga mufiriji, bola chitsekero chikhale chothina ndipo asayandikane ndi batala kapena mkaka.

Za chinyengo, onani nambala ya gulu limene anapangira limodzi. Imakhala pansi pa botolo ndi pansi pa katoni, ndipo iyenera kufanana. Pulasitiki yokutira katoni ikhale yokoka bwino, yopindidwa mwaukhondo, yopanda guluu wotayikira. Zilembo zisafufutike mukapaka chala. Kapaipi ka m'kati kakhale kowonda, kongofika pansi, osati kopindika chifukwa chotalika. Chimodzi chokha sichitsimikizira, koma zitatu zikalakwika, bwererani kwa wogulitsa ndi lisiti lanu.

FUNSO: Ndimasoka madiresi a ukwati ndipo ndikufuna kumapatsa makasitomala kabotolo ka perefyumu wopanga ndekha, wa fungo laukhondo ngati la sopo wakale. Ndingayambe bwanji, ndipo ndigule chiyani? (Telala wamkazi, Zóbuè)

YANKHO: Achemwali, mwasankha bwino, chifukwa cologne ndiye perefyumu wosavuta kwa woyamba kumene. Tikupatsani muyeso wa mamililita 100, wa mphamvu ya 5 pa 100.

Chinthu chachikulu ndi sipiriti. Funani woyera wa ku famasi, uja amalemba kuti álcool etílico 96%. Wa 70% ndi wotsukira zilonda, madzi ake ndi ochuluka ndipo sasungunula mafuta bwino. Nunkhizani musanagule ambiri: donthezani pa kapepala, akauma pasatsale fungo lililonse. Mufunikanso botolo lagalasi lakuda kapena lofiirira lotseka bwino, sirinji yatsopano ya mililita 1 yopanda singano, fanulo yaing'ono ndi pepala losefera khofi. Musayeze ndi madontho. Dontho la mafuta a mandimu ndi la vetiva sizifanana kukula, ndipo mawa mudzalephera kubwereza chimene mwapanga lero.

Mafuta ake akhale enieni otcheza ku zomera, olembedwa óleo essencial kapena essential oil. Amapezeka m'masitolo a zaumoyo m'mizinda ikuluikulu, ndipo inu muli pamalire, Blantyre si patali. Mafuta othira m'makandulo kapena m'timiphika tofukizira m'nyumba asakhudze khungu la munthu. Muyeso wake ndi uwu: bergamot mamililita 1.5, mandimu 1.0, lalanje 0.5, petitgrain 0.6, lavenda 0.6, rozimere 0.2, mkungudza 0.3, vetiva 0.2, bulugama 0.1. Zonse pamodzi ndi mamililita 5. Bergamot akhale wolembedwa FCF, chifukwa chake muchipeza m'yankho la mayi a ku Songo m'munsimu. Neroli weniweni ndi wodula kwambiri, n'chifukwa chake taika petitgrain, wochokera ku mtengo womwewo. Mukapeza neroli, mamililita 0.2 m'malo mwa gawo la petitgrain amakweza perefyumu yense.

Yambani ndi zolemera. Thirani vetiva ndi mkungudza m'botolo louma, kenako lavenda, rozimere, petitgrain ndi bulugama, pomaliza zipatso. Tsukani sirinji ndi sipiriti mukamachoka pa mafuta ena kupita pa ena. Tsekani, zunguzani pang'ono, musiye masiku awiri. Kenako thirani sipiriti mamililita 95, khutchumulani, lembani tsiku pa botolo, muike mumdima. Pamenepa m'pamene ambiri amagonja. Tsiku loyamba mudzangomva sipiriti wobaya m'mphuno ndi bulugama, n'kuganiza kuti mwataya ndalama. Musaonjezere kanthu. Dikirani milungu inayi, isanu ndi umodzi ngati mungapirire, mukukhutchumula kamodzi pa mlungu. Ikakwana, ikani botolo mufiriji usiku ndi usana umodzi kuti phula la m'makoko ligwirane, sefani likadali lozizira, n'kuthira m'timabotolo toyera touma.

Poyesa, dulani timizere ta pepala lolimba lopanda inki, viikani nsonga, nunkhizani pakatha mphindi imodzi, mphindi 15, ola limodzi ndi maola atatu, mukulemba m'kope. Akamamveka ngati mankhwala a chimfine, bulugama kapena rozimere wachuluka, ulendo wina dulani theka. Akamamveka ngati sopo wotsukira mbale, mandimu apambana, onjezerani petitgrain ndi lavenda. Akamatha msanga kwambiri, kwezani mkungudza kufika 0.5 n'kuchepetsa lalanje. Vetiva musamukweze mopupuluma, amameza anzake onse. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chakonza kapena chawononga.

Sipiriti wa 96% amayaka ngati petulo. Musasakanizire pafupi ndi mbaula, kandulo kapena ayironi yamakala, ndipo tsegulani mawindo. Popeza mukupatsa anthu ena, mangirirani kapepala kotchula mafuta onse amene muli, ndi kuwauza kuti ayese kaye kadontho m'kati mwa mkono n'kudikira tsiku. Diresi la mkwatibwi musalipopere ayi. Mukadzafuna kugulitsa m'sitolo, imeneyo ndi nkhani ina, yofuna chilolezo cha aboma.

FUNSO: Ndinayesa kupanga perefyumu ndi kachasu wamutu, wamphamvu kwambiri, koma zangochita mbuu ngati madzi a mpunga, ndipo pamwamba payandama mafuta. Ndalakwitsa pati? (Mnyamata wa bizinesi, Domwe)

YANKHO: Mwalakwitsa pa kachasupo, achimwene. Ngakhale wamutu amakhala ndi madzi ambiri kuyerekeza ndi sipiriti wa 96%, ndipo mphamvu yake imasintha botolo ndi botolo. Mafuta a makoko a zipatso sagwirizana ndi madzi. Madzi akachuluka, mafutawo amabalalika m'timadontho tosaoneka ndi maso, ndiye mbuu mukuonayo, kenako amasonkhana pamwamba. Kachasu alinso ndi fungo lakelake la gaga ndi shuga wowira, limene silibisika. Likauluka la mandimu, lotsala pa malaya ndi la pamowa.

Zimene mwapangazo mukhoza kuzipulumutsa pang'ono pothiramo sipiriti wa 96% pang'onopang'ono mpaka ziyere, koma fungo la kachasu silichoka. Zisandutseni zopopera m'chipinda.

Awiri ena oti muwapewe. Sipiriti wofiirira wa m'masitolo a zomangira amathiridwa mankhwala oti asamwedwe, nthawi zambiri methanol, amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi m'mapapo ndipo amawononga maso. Sanitaiza wa m'manja ali ndi glycerine ndi zolimbitsa, amamata ndipo amatseka kapaipi. Ngati sipiriti wabwino sakupezeka, pangani wamafuta: mamililita 0.3 a msakanizo wa mafuta onunkhira mu mamililita 10 a mafuta a chomera chotchedwa jojoba kapena mafuta a kokonati osagwirana aja, m'kabotolo ka kampira kogudubuza. Mafuta ophikira ayi, amavunda m'milungu yochepa kukatentha. Dziwani kuti wamafuta samveka patali, ndipo kutsitsimula kwa cologne kumachokera ku sipiriti amene akuuluka pakhungu, choncho simudzakupeza.

FUNSO: Ndimakonda kudzipaka madzi a makoko a mandimu oviika mu sipiriti m'khosi. Tsopano patuluka mabanga akuda otsetsereka ngati mmene madzi anayendera. Sakuyabwa. N'chiyani? (Mayi wa ana atatu, Songo)

YANKHO: Mayi, siyani lero lomwe. Sitingakupimeni kudzera m'kalata, koma mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi kupsa kumene kumachitika mafuta a makoko akakumana ndi dzuwa. M'makoko a bergamot, a mandimu ndi a zipatso zina za m'banjali muli mankhwala achilengedwe otchedwa furocoumarin. Akakhala pakhungu dzuwa n'kuwomba, khungu limapsa, nthawi zina mpaka matuza, ndipo pakapola pamatsala banga lotsata njira imene madziwo anadutsa. Pa khungu lakuda kufiira koyamba sikuoneka bwino, munthu amangodzazindikira banga, ndipo limatha miyezi lisanazimirire.

N'chifukwa chake bungwe la opanga mafuta onunkhira la IFRA linaika malire pa zopaka zokhalitsa pakhungu: mafuta ofinya a bergamot asapitirire 0.4 pa 100, a laimu 0.7, a mandimu 2. Mukaphatikiza angapo, malirewo amagawana. Pa muyeso tapatsa atelala a ku Zóbuè, mandimu atenga kale theka la malire, ndiye bergamot wamba sangapitirire mamililita 0.2. Wolembedwa FCF anachotsedwa mankhwalawo, n'chifukwa chake timatha kumuthira wambiri. Zoviika nokha kunyumba simungadziwe mphamvu yake, choncho zikhale za pa nsalu, m'makatani ndi pa mapilo basi.

Pakali pano phimbani khosi ndi mpango mukamayenda padzuwa, ndipo pakani mafuta oteteza kudzuwa ngati mungawapeze. Musakhule ndi mwala, musapakenso ndimu poti muyeretse, ndipo mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika musawayandikire, amaonjezera vuto. Pitani kuchipatala akaone, makamaka pakatuluka matuza, pakayamba kuwawa, kapena banga likamakula.

Kuyabwa ndi zidzolo ndi vuto lina. Kawirikawiri limabwera ndi perefyumu wokalamba, poti mafuta a mandimu ndi a lavenda akakhalitsa ndi mpweya m'botolo lotsala pang'ono amasintha n'kuyamba kuputa khungu. Botolo lotere ndi lotaya, ngakhale linali lodula.

FUNSO: Amuna anga akukana perefyumu ndinawagulira ati ndi wachizimayi chifukwa mukumveka maluwa. Zoona? (Mayi, Chifunde)

YANKHO: Si zoona. Cologne wakale ankadzola amuna ndi akazi omwe, ndipo Napoleon, msilikali wotchuka uja, ankamugwiritsa ntchito kwambiri. Lavenda amene bambowo akumva ndi yemweyo ali m'mafuta ambiri opaka akameta ndevu. Akakanabe, dzolani ndinu.

FUNSO: M'munda mwanga ndinadzala udzu wa vetiva m'mizere kuti nthaka isakokoloke. Mwana wanga akuti mizu yake ndi imene amapangira perefyumu wodula. Ndingatcheze mafuta ake n'kumagulitsa? (Mlimi, Furancungo)

YANKHO: Mwanayo akunena zoona, bambo. Mafuta a vetiva amachokera ku mizu ya udzu womwewo, ndipo ambiri a pa msika wa dziko lonse amachokera ku Haiti ndi ku chilumba cha Java ku Indonesia. Mu perefyumu wa mtundu tikukambawu ndi amene amakhala pansi, kafungo ka dothi ndi utsi pang'ono kamene kamatsala pa kolala mandimu atapita kalekale.

Koma za kutcheza tikuuzeni mosabisa. Mizu imakumbidwa udzu utakhala m'nthaka chaka ndi theka kapena kuyandikira ziwiri. Makilogalamu 100 a mizu youma amatulutsa mafuta a kilogalamu imodzi kapena ziwiri zikayenda bwino. Mafutawo ndi olemera, satuluka msanga, moti mphika wa nthunzi umayaka tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo ena amamira m'madzi m'malo moyandama, zimene zimafuna chiwiya chapadera cholekanitsira. Zipangizo zotchezera kachasu sizingakwanitse, mudzangotha nkhuni. Ndi ntchito ya gulu la alimi lokhala ndi munda wakewake wa vetiva pa dothi lamchenga losavuta kukumba, ndiponso wogula wodziwika kale. Mizere ya m'munda mwanu musaikumbe. Mizuyo ndi imene yagwira nthaka, ndipo chimanga chimene mungataye mvula ikakokolola n'chambiri kuposa mafuta mungapeze.

Chimene mungachite pakhomo ndi kuviika. Mukamapatulira mbewu yokadzala kwina, dulani mizu ya mapando awiri kapena atatu. Tsukani dothi lonse, yanikani pamthunzi mpaka ithyoke mukaipinda. Padzuwa fungo limachepa, ndipo yosauma bwino imachita nkhungu. Thyolani umodzi mununkhize kaye, poti pali mitundu ina ya kudambo yofanana nayo imene mizu yake sinunkhira kwenikweni. Duladulani tizidutswa ta sentimita imodzi, ikani magalamu 15 m'botolo lagalasi, thirani sipiriti wa 96% mamililita 100 mpaka mizu yonse imire, tsekani. Khutchumulani masiku angapo alionse kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako sefani. Mudzapeza madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, onunkhira mofatsa kuposa mafuta ogula. Pa muyeso wa cologne uja, chotsani vetiva wogula, ndipo pa mamililita 95 a sipiriti, 20 akhale a zoviika zanuzi. Amathimbiriritsa nsalu yoyera, ndiye samalani pomwe mukupopera.

Mizu yotsala imangeni m'timitolo muike m'sutikesi ya zovala kapena pansi pa matiresi, imanunkhira miyezi yambiri. Ku India amaluka mizu yomweyi kukhala mphasa zopachika pakhomo ndi pawindo, n'kumaziwaza madzi nthawi yotentha kuti mphepo yolowa izizire ndi kununkhira. Kwanu ku Furancungo mwina simungazifune kwenikweni, koma abale a ku Moatize ndi ku Tete angakuthokozeni mu Novembala. Mphasa yotere iziwazidwa madzi oyera, ndipo madzulo iziyanikidwa pamphepo kuti isachite nkhungu.